Kapampu ka m'chiuno ndi fumbi lomwe maso saliona

Ndikauza munthu kuti ndinapanga masitazi ya occupational hygiene, funso lake ndimalidziwa asanafunse: ndiye kuti mumaphunzitsa anthu kusamba m'manja kuntchito? Ena amaganiza kuti ndimayendera zimbudzi za m'maofesi. Sindiwanena ayi, mawu akuti hygiene ambiri timawamva ngati ukhondo basi. Koma ntchito yake si imeneyo. Ntchito yake ndi ya zinthu zomwe zimalowa m'thupi la munthu pamene akusaka ndalama: fumbi lomwe akupuma, utsi wa weludingi, nthunzi za penti ndi thina, phokoso lomwe likudya makutu ake pang'onopang'ono, kutentha, kunjenjemera kwa makina omwe wagwira m'manja. Dokotala amakumana ndi munthuyo atadwala kale. Ife timayenera kukumana naye zaka 10 kapena 20 asanadwale, akadali bwinobwino, akuseka, akunena kuti fumbi ili ine ndinalizolowera.

Ndinalowa kosiyi ndili ndi digiri yoyamba ya sayansi, ndipo ndimaganiza kuti ndikukaphunzira kugwiritsa ntchito makina oyezera, ukafika pamalo, wayatsa kachipangizo, nambala yatuluka, walemba ripoti, wapita. Ambiri mwa ife m'kalasi timaganiza choncho. Munali manesi, anthu a kemisitile, injiniya mmodzi, ndi anthu awiri atatu omwe anagwirapo ntchito za sefite m'migodi, ndipo amenewa ndi amene amakhala chete kwambiri lekichala akamaonetsa zithunzi za mapapo, poti iwo amadziwa anthu enieni omwe mapapo awo anafika pamenepo.

Semesita yoyamba inali yolemera, osanama. Toxicology, kuphunzira mmene poizoni amalowera m'thupi, komwe amakakhala, mmene chiwindi ndi impso zimalimbanirana naye. Mmene mapapo anapangidwira, kuyambira pamphuno mpaka ku timatumba tating'onoting'ono tomwe mpweya umalowera m'magazi. Epidemiology, kuphunzira mmene matenda amagwirira magulu a anthu, masamu a statistics, malamulo, fizikisi ya phokoso, kayendedwe ka mpweya m'mapaipi. Ndiye panali mbiri, yomwe poyamba ndimaiona ngati yongodzazira taimutebulo koma ndi imene inandigwira mtima. Bernardino Ramazzini, dokotala wa ku Italy, mu 1700 analemba buku la matenda a anthu ogwira ntchito zosiyanasiyana ndipo anauza madokotala anzake kuti pa mafunso onse omwe amafunsa wodwala awonjezerepo limodzi, lakuti amagwira ntchito yanji. Mu 1775 Percivall Pott ku London anaona kuti anthu omwe amasesa m'machumuni kuyambira ali ana amadwala khansa ya kumaliseche chifukwa cha mwaye. Alice Hamilton ku America amalowa yekha m'mafakitale kukafufuza za mtovu, amacheza ndi ogwira ntchito ndi akazi awo kunyumba chifukwa mabuku a kampani samanena zoona, ndipo mu 1919 anakhala mzimayi woyamba kuphunzitsa pa yunivesite ya Harvard. Taganizani, funso la Ramazzini latha zaka zoposa 300 koma mpaka lero munthu amatha kupita kuchipatala akutsokomola miyezi, kupatsidwa mankhwala kambirimbiri, popanda womufunsa kuti kodi bambo masana mumakhala mukutani.

Nkhani yomwe sindidzaiwala ndi ya Hawks Nest, msewu wa madzi wa pansi pa phiri womwe anaboola ku West Virginia ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Thanthwe lake linali lodzaza ndi silika, chinthu cholimba chomwe chimapezeka mumchenga ndi m'miyala yambiri, amaboola mouma, osathira madzi, ndipo anthu mazanamazana, ambiri mwa iwo akuda osauka omwe anabwera kudzafuna ganyu, anafa ndi silicosis, matenda oumitsa mapapo obwera ndi fumbi la silika, ena pasanathe n'chaka chomwe. Chomwe chinandipweteka n'chakuti nthawi imeneyo zinali zodziwika kale kuti kuboola ndi madzi kumachepetsa fumbi. Nzeru inalipo. Ndipo musaganize kuti izi n'zamakedzana, Australia inaletsa miyala yochita kupanga ija ya pamwamba pa makabati a kukhitchini mu Julaye 2024, chifukwa anyamata a zaka za m'ma 30 omwe amaidula amapezeka ndi mapapo owuma ngati a nkhalamba za mumgodi. Ku South Africa makampani a migodi ya golide anagwirizana mu 2018 kulipira 5 biliyoni rand kwa anthu omwe anadwala silicosis ndi TB, khoti linavomereza mu 2019, ndipo ambiri mwa anthuwo anali atabwerera kale kumayiko akwawo, ena atamwalira ndalama isanawapeze. Matenda ake ndi omwewo, fumbi lake ndi lomwelo.

Ndiye fumbi la silika limeneli ndi lomwe ndinasankha pa kafukufuku wanga wa chaka chachiwiri. Ndinapeza malo ena ophwanyira miyala omwe anavomera kuti ndikayeze, dzina lake silofunika. Ndifotokoze kaye mmene kuyezako kumakhalira chifukwa apa ndi pamene anthu amadabwa. Fumbi lomwe mumaliona likuwuluka, lija limakuyeretsani nsidze, lambiri mwa ilo limathera m'mphuno ndi pakhosi, mumamina kapena kulavula. Loopsa ndi laling'ono zedi, la mamayikilomita osapitirira 10 (mamayikilomita 1,000 ndiye milimita imodzi), makamaka cha m'ma 4 kutsika m'munsi, pamene tsitsi la munthu kunenepa kwake ndi mamayikilomita 50 mpaka 100. Limenelo maso saliona, limayandama mumpweya maola ambiri makina atazimitsidwa kale, ndipo limalowa mpaka pansi penipeni pa mapapo. Kumeneko maselo oteteza thupi amalimeza, silika amawapha, ena amabwera kudzameza, nawonso amafa, ndipo pamalopo pamapangika chipsera. Chipsera sichipuma. Sichichokanso, palibe mankhwala obwezeretsa, ndipo chimatha kumakulabe munthu atasiya kale ntchito. Pamwamba pa apo munthu wa silicosis TB imamugwira mosavuta kuposa anzake, ndipo bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaika silika pa gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1997.

Kuti uyeze fumbi limeneli sumaika makina pakona ya shedi ayi. Umamuveka munthu. Kapampu kolemera ngati foni ziwiri zitatu kamakhala palamba m'chiuno, kapaipi kamadutsa kumsana mpaka paphewa, ndipo pakolala, pafupi ndi mphuno ndi pakamwa, pamakhala kanthu kotchedwa cyclone komwe kamazunguza mpweya n'kutaya fumbi lalikulu, laling'ono lokha ndi lomwe limakagwera pa fyuluta. Mtundu womwe ndimagwiritsa ntchito umafuna malita 2.2 pa mphindi, osapitirira osachepera, chifukwa liwiro likasintha ndiye kuti kukula kwa fumbi lomwe ukugwira kwasinthanso. Ndiye pampu umaikalibuleta m'mawa, kutanthauza kuyeza liwiro lomwe ikukokera mpweya, umaikalibuletanso madzulo, zikasiyana kupitirira 5 peresenti sampulo imeneyo yatayika, tsiku lonse lapita. Pa maola 8 kapampuko kamakoka mpweya pafupifupi kiyubiki mita imodzi. Malire omwe America inakhazikitsa mu 2016 ndi mamayikilogalamu 50 a silika pa kiyubiki mita (mamayikilogalamu 1,000 ndiye miligalamu imodzi), ndiye kuti fumbi lomwe lingakuuze kuti munthuyu ali pamalire ndi lochepa moti ukayang'ana fyulutayo umaona ngati palibe chilichonse. Sikelo ya mulabu yoyezera zimenezi imakhala m'chipinda chomwe ngakhale chinyezi chimayang'aniridwa, mafyuluta umawagwira ndi kambaniro, umayenda ndi mafyuluta ena osagwiritsidwa ntchito kuti udziwe ngati ulendo wokhawo wawasintha, kenako amapita ku makina a X-ray diffraction kuti aone kuti mufumbimo silika ndi wochuluka bwanji. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine kudekha ndinakuphunzira pa sikelo imeneyo.

Tsiku loyamba ndinafika pamalopo m'mamawa ndi mapampu anga 6 atachajidwa bwino. Ndinapeza pansi ponse pathiridwa madzi, aliyense wavala masiki yatsopano yoyera mbee, makina amodzi mwa awiri ophwanyira sakuyenda, akuti akukonzedwa. Ndinayeza ndithu, koma mumtima ndimadziwa kuti lomwe ndikuyeza ndi tsiku la alendo. Supavaiza wanga ndinamuimbira madzulo ndili wokhumudwa, iwo anangoti pitaninso mawa, ndi mkuja, ndi sabata yamawa, mpaka atope nanu, palibe amene angathire madzi ndi kugula masiki atsopano masabata atatu otsatizana. Ndipo zinali zoona. Pofika sabata yachiwiri ndinali ngati mtengo wa pamalopo, palibe amandiyang'ana, makina onse awiri akulira, fumbi lili tolo, masiki ali m'khosi.

Panali bambo ena achikulire omwe amayang'anira pomwe miyala imagwera kuchoka pa lamba wa makina, malo a fumbi kwambiri pa onse. Anali atagwira pamenepo zaka zambiri. Ndikuwamangirira kapampu tsiku lina anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, mwanawe, kabokosi kakoka kandiuza chiyani chomwe chifuwa changa sichinandiuze kale? Ndinayamba kuwafotokozera za mamayikilogalamu, iwo anandidula n'kuti ayi, ine ndikufunsa kuti mukapeza kuti fumbi ndi lambiri, chichitike n'chiyani? Munabwera ena ngati inu, anatipachika zomwezi, sitinawaonenso. Ndinati bambo, ine ndidzabwera kudzakuuzani zomwe ndapeza, inuyo panokha. Anati chabwino, tiona. Usiku umenewo sindinagone bwino, chifukwa pa mafomu onse a kuyunivesite omwe ndinalemba, a komiti yoona kuti kafukufuku sakuvulaza anthu, a chilolezo, a bajeti, funso la bambowa ndi lomwe linali lenileni ndipo ndinalibe yankho lokwanira.

Zotsatira zitabwera ndi pamene statistics ija timaidandaula m'kalasi inakhala nkhani ya moyo wa munthu. Anthu amaganiza kuti fumbi la pamalo antchito ndi nambala imodzi, ngati kutalika kwa munthu. Ayi. Munthu yemweyo, ntchito yomweyo, lero ndi mawa zimatha kusiyana kawiri, katatu, kasanu, malingana ndi mphepo, mtundu wa mwala, kaya lamba anatsekeka n'kumufuna kuti alowetse mutu kukachotsa. Manambala ake ukawajambula samakhala bwino pakati, amaunjikana m'munsi kenako amakhala ndi mchira wautali wopita kumwamba, n'chifukwa chake timagwiritsa ntchito masamu a manambala otere, otchedwa lognormal. Masiku ambiri amakhala abwinoko, masiku ochepa amakhala oipa kwambiri, ndipo masiku ochepa oipawo amathira fumbi lambiri m'mapapo. Ukangoyeza kamodzi mwayi waukulu ndi woti ugwera pa tsiku labwinoko. Ndiye timaphunzitsidwa kuika anthu m'magulu a omwe ntchito yawo ikufanana, kuyeza kangapo, ku Ulaya muyezo wa EN 689 umafuna masampulo osachepera 6 kuti uchite masamu enieni, ndipo sufunsa kuti avereji ili pati, umafunsa kuti pa masiku 100 aliwonse, kodi osachepera 95 ali pansi pa malire?

Ine masampulo anga a gulu la bambo aja ena anali pansi pa malire, ena pamwamba, amodzi pamwamba kwambiri. Manijala wa pamalopo, munthu waulemu ndithu yemwe anandilandira bwino, atawaona anati ija yakwera kwambiriyo ichotseni, tsiku limenelo lamba anavuta, silinali tsiku wamba, zotsalazo mukaziphatikiza si zili bwino? Ndipo sindikuganiza kuti amafuna kunama, iye amaonadi choncho. Ndinawafunsa kuti bwana, lamba ameneyu amavuta kangati pamwezi? Anati mwina kawiri katatu pasabata. Ndinati ndiye ndi tsiku wamba limenelo. Tinakhala chete kanthawi. Zaka ziwiri za sukulu, ndikaziganizira, zinali zondikonzekeretsa kuti ndithe kunena chiganizo chimodzi chimenecho osanjenjemera, ndikudziwa chifukwa chake masamu ali kumbali yanga.

Komanso malire amenewo tisawapembedze. Ichi n'chinthu china chomwe masitazi imakuchotsa m'maso. Ukamayamba umaganiza kuti pansi pa malire ndiye kuti palibe vuto, pamwamba ndiye vuto. Kenako umaona kuti silika yemweyo ku Britain malire ake ndi 0.1 miligalamu pa kiyubiki mita, ku America 0.05, omwe ndi mamayikilogalamu 50 aja, pamene bungwe la akatswiri la ACGIH limalangiza 0.025. Mapapo a munthu wa ku Leeds ndi a wa ku Chicago ndi osiyana? Ayi. Malire ndi mgwirizano wa sayansi, ndale, ndalama ndi zomwe labu ingathe kuyeza. Amaikidwanso poganiza munthu wogwira maola 8 patsiku, 40 pasabata, ndiye amene akugwira maola 12 masiku 6 uyenera kumuwerengera mwina. Ndipo amaikidwa pa chinthu chilichonse pachokha pamene munthu weniweni akupuma fumbi, utsi wa dizilo ndi utsi wa weludingi nthawi imodzi.

Phokoso nalo lili ndi masamu ake omwe amanyenga. Madesibelo, muyezo wa phokoso, sawerengedwa ngati mamita. Ukawonjezera 3 okha ndiye kuti mphamvu ya phokoso yawirikiza kawiri. Pa 85 munthu angakhale maola 8, pa 88 maola 4, pa 91 maola 2, pa 94 ola limodzi, pofika 100 ndi mphindi 15 zokha. Ndiye munthu akati tatsitsa phokoso kuchoka 97 kufika 94, ena amaseka kuti n'zochepa, chonsecho wadula theka. Ugonthi wa phokoso supweteka, umayamba ndi mawu okwera cha pa 4,000 hertz, munthu amamva kuti anthu akulankhula koma mawu sakuwagwira, amayamba kunena kuti ana a masiku ano amalankhulira m'mano, amakweza wailesi, kunyumba amamuti wamakani, ndipo timaselo ta m'khutu tomwe tafa sitimeranso. Pamalo panga pa miyala paja panalinso phokoso loti polankhulana umachita kukuwa m'khutu la mnzako, ndipo lamulo lachidule lomwe tinaphunzira ndi lakuti ngati ukuchita kukweza mawu kuti munthu ali mita imodzi kapena ziwiri akumve, ndiye kuti mwafika kale pofunika kuyeza.

Za kutentha tinaphunziranso, kachipangizo koyezera kutentha kotchedwa WBGT, ka mababu atatu, kupuma pamthunzi, madzi, komanso nkhani ya odula nzimbe a ku Central America omwe impso zawo zikuwonongeka ali anyamata. Za asibesitosi, momwe J.C. Wagner ndi anzake ku South Africa mu 1960 anasonyezera kuti khansa ya mesothelioma, yomwe imagwira kachikopa kokuta mapapo, ikugwirizana ndi asibesitosi wa buluu, ndipo ena mwa odwalawo sanagwirepo ntchito mumgodi, amangokhala pafupi. Khansa imeneyo imatha zaka 30, 40 isanaonekere. Za benzene, yemwe amapezeka mupetulo, ndi khansa ya m'magazi, za mankhwala otchedwa isocyanate a mupenti yopopera magalimoto omwe amayambitsa asima moti munthu ikamugwira ntchito imeneyo ndiye yatha. Chilichonse mwa izi ndi kosi payokha, ndingozidutsa.

Pomwe ndikufuna kuima ndi pa nkhani ya masiki, chifukwa apa ndili ndi maganizo olimba. Pali dongosolo lomwe wophunzira aliyense wa kosi imeneyi amaliloweza, la njira zotetezera kuyambira yamphamvu mpaka yofooka. Choyamba chotsa choopsacho. Zikakanika, sintha ndi china chosaopsa kwambiri. Zikakanika, tchinga ndi uinjiniya, kutsekera makina, kuthira madzi pomwe fumbi likubadwira, kukoka mpweya woipa ndi mafani. Kenako sintha kagwiridwe ka ntchito. Zovala zodzitetezera zili kumapeto kwenikweni. Koma pitani pamalo ambiri antchito, amayambira kumapetoko, amagawa masiki n'kupachika chikwangwani, munthu akadwala ndiye kuti ndi wosamvera, samavala. Zimenezi zimandikwiyitsa, ndinene poyera. Masiki imateteza munthu mmodzi yekha, ngati ili yamtundu woyenera, ngati yakwana nkhope yake, ngati alibe ndevu pomwe ikuyenera kumatira, ngati fyuluta yasinthidwa, ngati waivala mphindi iliyonse. Yesani kunyamula katundu padzuwa maola 8 mutaivala muone ngati simuitsitsa kuti mupumeko. Ine ndinavala yanga pamalopo ndikungoyendayenda ndi kabuku, osanyamula kanthu, pofika masana nkhope yonse inali thukuta ndi zilonda za lamba. Ndiye sindingaime pamaso pa munthu wofosholo miyala n'kumuuza kuti vuto ndi iyeyo.

Kalasi ya ventilation, ya kayendetsedwe ka mpweya, ndi imene inandipatsa chida chenicheni. Lekichala wathu anabwera ndi kandulo, anatiuza kuti aliyense aizimitse poipemerera ali patali pang'ono, tonse tinatha. Kenako anati izimitseni pokoka mpweya. Palibe anatha. Mpweya wopemerera umapita kutali, wokoka umangogwira pafupi, moti ukatalikira pakamwa pa paipi yokoka ndi mtunda wofanana ndi kukula kwa kamwa lakelo, liwiro latsika kale kufika cha pa 10 peresenti. N'chifukwa chake mumapeza wekishopu ili ndi fani yokoka yodula, ikulira bwinobwino, koma wowotcherera zitsulo ali mita imodzi kutali ndipo utsi wonse ukudutsa pankhope pake usanakafike kupaipi. Utsi wa weludingi womwewo IARC inauika pa gulu la zoyambitsa khansa mu 2017. Nthawi zina kukonza kwake si kugula china chilichonse, ndi kusendeza paipi ndi dzanja.

Pamalo panga paja ndinapeza kuti mapaipi opopera madzi pamakina analipo kale, kuyambira pomwe makinawo anaikidwa. Samagwira ntchito. Nditafunsa mu ofesi anati anyamata amatseka okha. Nditafunsa anyamatawo, osati pagulu koma mmodzimmodzi nthawi yopuma, anandiuza chifukwa chake: timabowo topoperato tinatsekeka kalekale ndiye wina anangotichotsa, madzi amatuluka ngati pampopi, miyala imanyowa kwambiri, matope amamata sefa, makina amaima, ndipo makina akaima amene amakalipiridwa ndi iwowo, komanso ndi iwowo amene amalowa kukapala. Walira mvula walira matope, anatero mmodzi akuseka. Ndiye amatseka madzi kuti ntchito iyende. Zimenezi palibe pampu ingakuuze. Zinali m'mutu mwa anthu omwe palibe anawafunsapo. Zomwe ndinalemba mu ripoti zinali zazing'ono: timabowo toyenera totulutsa madzi ngati nkhungu, sefa ya madzi kuti tisamatsekeke, kutchinga pomwe miyala imagwera ndi malata ndi labala, kusiya kusesa mouma ndi kupemerera zovala ndi mpweya wa kompuresa, munthu mmodzi wopatsidwa udindo woyang'ana timabowoto m'mawa uliwonse, masiki oyenera pa ntchito yochotsa zotsekeka, ndi kuti anthu akajambulidwe m'chifuwa ndi kuyezedwa TB.

Kwa amene mukuganiza zopanga kosi imeneyi, ndinganene zochepa. Yang'anani ngati ili ndi zipangizo zenizeni ndi maulendo a kumalo antchito, chifukwa kuphunzira pampu pa masilaidi okha n'kosakwanira. Masamu musawathawe. Dziwaninso kuti digiri si mapeto, m'mayiko ambiri pamafunika zaka zogwira ntchito ndi mayeso a bungwe la akatswiri, ku America kuli satifiketi ya CIH, ku Britain kuli bungwe la BOHS lomwe linayamba mu 1953, kum'mwera kwa Africa kuli la SAIOH, ndipo mabungwe ngati amenewa amakumana pansi pa bungwe la padziko lonse la IOHA lomwe linakhazikitsidwa mu 1987. Ndipo konzekani kuti amene akukulipirani nthawi zambiri ndi mwini fakitale yemwe mukumuyezayo, pamene amene mukumugwirira ntchito kwenikweni ndi wovala pampu uja. Kukokana kumeneko sikutha, kalasi ya ethics imangokuchenjeza kuti kulipo.

Anthu ofunika ntchitoyi ndi ambiri kuposa akatswiri omwe alipo, kutalitali. WHO ndi ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, mu 2021 anatulutsa chiwerengero chakuti anthu 1.9 miliyoni anafa mu 2016 chifukwa cha ntchito, ndipo pa anthu 5 aliwonse, 4 anafa ndi matenda osati ngozi. Ngozi imamveka, pamakhala magazi, nyuzi imalemba. Matenda a ntchito munthu amafera kunyumba patapita zaka, pepala la imfa limalemba chifuwa kapena mtima, fakitale sidziwa n'komwe kuti yapha munthu. Mu 2022 ILO inaika malo antchito otetezeka pa mndandanda wa maufulu oyambirira a wogwira ntchito, zomwe n'zabwino, koma anthu ochuluka zedi padziko amagwira ntchito m'malo opanda kalembera, ophwanya miyala ndi hamala, okumba golide m'maenje, owotcherera m'mbali mwa msewu, komwe inspekitala safikako. Mabuku athu ambiri analembedwa poganiza fakitale yaikulu yokhala ndi bajeti. Ine ndimaona kuti kafukufuku wa ophunzira a masitazi ndi a PhD akuyenera kuthamangira kumeneko, ku njira zotchipa zomwe munthu wa hamala angazikwanitse.

Nditamaliza kulemba, ndisanakaimirire pamaso pa ma ekizamina, ndinabwerera pamalopo ndi mapepala, aliyense lake, lolembedwa m'mawu osavuta. Timabowo tatsopano anali ataika pa makina amodzi, enawo akuti akudikira. Malata otchingira anali asanaike. Bambo aja ndinawapeza pamalo pawo pomwe paja, ndinawapempha tikakhale kuseri kwa shedi komwe phokoso limachepa. Ndinawaonetsa masiku awo onse, lomwe linali pansi, omwe anali pamwamba, ndi lija la lamba. Analikumbukira tsikulo, anati eya, ndinalowa kawiri. Ndinawauza mosabisa kuti fumbi lomwe linalowa kale silingatuluke, koma lomwe silinalowe tingaliletse, ndipo kuti apite akajambulidwe m'chifuwa, akakafika akamuuze dokotala ntchito yomwe amagwira ndi zaka zake ngakhale asafunsidwe. Anamvetsera osandidula. Kenako anafunsa ngati pepalalo ndi lawo kapena la ofesi. Ndinati ndi lanu bambo. Analipinda kanayi, kuliika m'kathumba ka pulasitiki momwe amasungiramo chiphaso chawo, n'kundiuza kuti pali mnyamata wina wayamba kumene mwezi watha, amuika pomwe miyala imagwera pa makina achiwiri aja opanda madzi, ndipo ndikadzabwera ndi kapampu ndidzayambire iyeyo.